Mphika wa pa Krisimasi ndi Nkhokwe ya Febuluwale

Tiri m'nyengo ya Adiventi, ndipo m'midzi yathu yonse, ku Mpingu, ku Namitete, ku Nsaru, ku Kabudula kufikira ku Nambuma, funso liri pakamwa pa ana ndi limodzi: kodi tidzadya chiani pa Krisimasi? Funso limeneli si lachibwana ai. Tsiku lalikulu liyenera chakudya chake, ndipo mai amene afuna kuti ana ake akhute zokoma pa tsiku la kubadwa kwa Ambuye sachimwa. M'buku la Nehemiya, mutu 8, tiwerenga kuti anthu atagwidwa ndi chisoni pa tsiku loyera, atsogoleri ao anawabweza kunyumba kukachita phwando, nawakumbutsanso anzao osowa. Tsono phunziro lino silifuna kulanda munthu chimwemwe chake. Lifuna kuti tione bwino kumene chakudya cha tsikulo chichokera, pakuti m'nyumba zambiri mphika wa pa 25 Disembala ulipidwa ndi nkhokwe ya Febuluwale.

Chifukwa chake a ku Ulaya adya kwambiri mu Disembala

Akristu a ku Roma anali kukumbukira kale kubadwa kwa Ambuye pa 25 Disembala m'chaka cha 336, ndipo miyambo yambiri ya tsikuli inakulira ku Ulaya. Kumeneko mwezi umenewu ndiwo pakati pa chisanu. Dzuwa lituluka mochedwa nililowa msanga, nthaka iuma gwa ndi kuzizira, mlimi alibe nchito ya kumunda. Tirigu anakolola kale, ali tho m'nkhokwe. Alimi akale a maiko amenewo, poona kuti msipu watha ndipo sangathe kudyetsa ziweto zonse kufikira udzu utaphukanso, ankapha nkhumba ndi ng'ombe zina mu Novembala ndi Disembala, naithira mchere nyamayo. Kotero phwando lao linagwa pa nthawi ya zochuluka, pamene thupi lozizidwa lifuna zamafuta ndi zotentha. Kumeneko ndiko kunachokera tsekwe wootcha, nkhukundembo ndi makeke olemera a zipatso zouma, zimene tiziona pa zithunzi za m'makalendala. Tisaiwalenso kuti phwandolo linkadza pambuyo pa kudzimana: kufikira chaka cha 1966 tsiku lotsogolera Krisimasi linali la kusala kudya kwa Akatolika.

Kwathu kuno nyengo yofanana ndi imeneyo iripo, koma ndi Juni ndi Julayi. Pamenepo mpweya uzizira, chimanga chiri m'nkhokwe, mtedza wakumbidwa, ana akhala mozungulira moto naotcha mbatata, amai aphika futali, ndipo ndalama ya fodya ikali m'thumba. Makolo athu sanali opusa pamene anaika maukwati, zinamwali ndi ziliza m'miyezi ya chilimwe. Koma Krisimasi itipeza m'dzinja: mbeu yangomera, udzu uli pa liwiro, feteleza afunika, ndalama ya fodya inatha kalekale, ndipo nkhokwe yatsika kufika m'chiuno kapena m'maondo. Munthu wofuna kudya mu Disembala monga adyera wa ku Ulaya akhala ngati wobvala chikhoti cha ubweya pa dzuwa la Okutobala.

Tiyeni tiwerenge

Kuyambira pa Krisimasi kufikira chimanga chatsopano chitauma mu Epulo pali miyezi inai. Banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi lidya thumba limodzi la makilo 50 pa mwezi, ndipo kawirikawiri liposa pamenepo, chifukwa khasu la m'dzinja lifuna nsima yaikulu. Ndiye kuti banja lotere liyenera kukhala ndi matumba anai osakhudzidwa pa tsiku la Krisimasi. Bambo ndi mai alowe m'nyumba, awerenge pamodzi. Ngati matumba ndi asanu, lachisanulo angathe kulingalira za ilo. Ngati ndi atatu, palibe ndi ndowa imodzi yomwe yogulitsa.

Chimene chichitika ndi china. Sabata lotsiriza la Adiventi muona njinga ziri ndawala kupita ku misika, ndi matumba a chimanga kumbuyo, pobwera ziri ndi mpunga, shuga, mafuta ophikira, buledi ndi mabotolo a Sobo. Mpunga sulimidwa kwenikweni m'chigwa chathu chino. Ubwera kuchokera ku Karonga, ku Nkhotakota, ku Salima ndi ku nyanja ya Chilwa, ndipo mtengo wa kilo yake uposa wa chimanga kangapo. Motero chakudya cha masabata awiri chisanduka chakudya cha tsiku limodzi. Chimanga chomwecho mudzachigulanso kwa mavenda mu Febuluwale pa mtengo wokwera, ndipo ndalama yake idzachokera ku katapila kapena ku ganyu. Ganyu wa mu Januwale ndiye woopsa koposa, pakuti bambo amene apalira munda wa mnzake kuti alandire mbale ya chimanga, munda wake womwe uli kudyedwa ndi udzu, ndipo njala ya chaka chino ibala ya chaka chamawa. Akulu anati, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Amene anali ndi nzeru kale m'chaka cha 2002 akumbukira. Njala inafika pachimake mu Febuluwale ndi Malichi, chimanga chinasowa m'misika, mtengo unakwera kangapo, anthu anadya gaga ndi mizu ya nthochi, ena anagulitsa mbuzi ndi ziwiya pa mtengo wa bule, ndipo boma linalengeza kuti dziko liri pa ngozi kumapeto kwa Febuluwale, anthu ambiri atafa kale. Sindinena kuti phwando la Krisimasi ndilo linadzetsa njala ija; zifukwa zake zinali zazikulu kuposa mphika wa mai aliyense. Ndinena kuti miyezi imene inapha anthu ndi yomweyo imene itsata Krisimasi chaka ndi chaka.

Wina adzati, kodi bambo mfumu atiletsa mpunga chifukwa ndi wachilendo? Iai. Chimanga chimene tichiyesa chathuchathu chinachokera ku Mexico, ndipo chinafika ku Afrika ndi ngalawa za Apwitikizi pambuyo pa chaka cha 1500. Mtedza, mbatata, chinangwa, matimati ndi maungu nazonso zinachokera ku America. Makolo athu akale ankadya nsima ya mapira ndi mawere. Chakudya sichikhala ndi mlandu chifukwa cha kwao. Amene ali ndi mbuzi yogulitsa, kapena mwana wa ku tauni wawatumizira kanthu, agule mpunga wa Kilombero, aphike, fungo lake limveke mpaka kwa anansi. Koma mpunga ugulidwe ndi chotsala, osati ndi nsima ya ana.

Palinso njira ina yotalikitsira nkhokwe. Pokonola chimanga, kuchibviika ndi kuchitsuka kuti tipeze ufa woyera, titaya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo chotayikacho ndicho chiri ndi mafuta ndi zambiri zomanga thupi. Pa tsiku la phwando phikani nsima yoyera mbee, monga mufuna. Koma m'masabata otsatira mgaiwa ndiye bwenzi la banja, ngakhale abambo ena auyang'ana ndi diso lakumbali.

Zimene dzinja lipereka

Mvula yoyamba ikagwa, nthaka yathu itulutsa ndiwo zimene palibe sitolo ingagulitse. Bonongwe, luni ndi chisoso zimera zokha m'mbali mwa minda ndi pa matsala a makola. Patapita masabata owerengeka nkhwani wanthete ayamba kuyanga, natsatana ndi khwanya ndi chitambe. Anthu ena achita manyazi kuika masamba pa mphasa tsiku la Krisimasi, ati ndi ndiwo za masiku onse. Koma nkhwani wotendera wophikidwa ndi dzanja lodziwa sachepa pamaso pa nyama. Mai asadzule masamba bwino, awatsuke asanawadule, awaike m'madzi ochepa owira kale, ndi mchere. Akafewa athire nsinjiro pamwamba, abvundikire, asatakase msanga. Nsinjiro ipse kaye ndi nthunzi, pambuyo pake ndipo atakase ndi mthiko kufikira msuzi utagwirana. Matimati asowa ndi kukwera mtengo m'dzinja, mafuta ophikira nawonso atero, koma ndiwo zotendera sizilira mafuta. Za soda ndi chidulo, inu amai, chepetsani dzanja: zifewetsa masamba msanga, koma zionongako zina zofunika m'thupi zimene ziri m'masambamo.

Ngumbi ndizo nyama ya mwezi uno. Zituluka m'chulu madzulo mvula yamphamvu itagwa, ndipo anyamata adziwa kufolera chulu ndi udzu ndi kukumbira mphika pakhomo pake. Zikazingidwa m'phale ndi mchere popanda dontho la mafuta, pakuti mafuta ziri nao okha. Zipetedwa kuti mapiko achoke, ziyanikidwa, ndipo zikauma bwino zikhala masabata. Mwana amene adya kadzanja ka ngumbi ndi nsima wadya chakudya chomanga thupi chosachepera nyama ya pa sikelo. Mango nawo ali mbwee m'mitengo kufikira Januwale.

Pa bowa ndiyenera kuchedwapo pang'ono. Utale wa pa chulu, ndelema ndi manyame ndi ndiwo zokoma, ndipo ngakhale nkhalango zatha m'dera lathu, bowa afikabe m'misika kuchokera ku Dzalanyama ndi ku mathengo otsala. Koma dzinja liri lonse timva za mabanja amene adwala kapena kufa ndi bowa. Musakhulupirire kuti bowa amene wadyedwa ndi tizilombo ndi wabwino kwa munthu. Musakhulupirirenso kuti kuwiritsa kuchotsa ululu. Bowa woopsa koposa ululu wake sutha ndi moto, ndipo munthu angathe kukhala bwinobwino theka la tsiku asanayambe kusanza, pamene chiwindi chayamba kale kuonongeka. Ana asatumidwe okha kukazula. Bowa amene agogo a pamudzi samdziwa dzina atayidwe. Ndipo wina akadwala atadya bowa, onse amene anadya nao apite kuchipatala tsiku lomwelo, osayamba adikira kuti kuche.

Za nsinjiro

Dera lathu ndi la mtedza. Ku Chitedze, pa mseu womwe uno wa ku Mchinji, kuli malo ofufuzira za ulimi kuyambira 1948, ndipo alimi athu adziwa Chalimbana wa makolo ndi CG7 amene anatulutsidwa mu 1990. Koma tiri ndi chizolowezi chimodzi choipa. Posenda mtedza tisankha wabwino kupita nao ku msika, ndipo wofota, wobooka ndi wachuku tiusunga kuti ukhale wa nsinjiro. Tigulitsa moyo, tisunga matenda.

M'chaka cha 1960 ku England kunafa nkhukundembo zokwana ngati 100,000 m'miyezi yowerengeka. Akatswiri atafufuza anapeza kuti zinadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil, umene unali ndi chuku, ndipo m'chukumo anapezamo ululu umene lero utchedwa aflatoksini. Ululu umenewu suoneka ndi maso nthawi zonse, sutha ndi kukazinga kapena kuwiritsa, uononga chiwindi pang'onopang'ono, ndipo upinimbiritsa ana. Chuku chikonda chinyontho ndi kutentha, ndiye kuti chikonda Disembala wathu. Chifukwa chake mtedza usungidwe m'makoko ake, pamalo ouma, pamwamba osati pa dothi. Musauwaze madzi kuti makoko afewe posenda. Sinjani nsinjiro yokwanira masiku owerengeka okha. Ndipo njere iri yonse yowawa, yakuda kapena yofota itayidwe. Isapatsidwe ngakhale nkhuku imene mudzadya.

Thobwa ndi chigumu

Botolo la Fanta litha m'kamphindi, mwana nayamba kulira lina. Mtsuko wa thobwa umwetsa nyumba yonse pamodzi ndi alendo, ndipo uli chakudya ndithu, wopita kumunda m'mawa mwake amwako nalimba. Mai aphika phala lamadzimadzi la mgaiwa, aliphula, alisiya kufikira chala chingathe kupirira kutentha kwake, ndipo pamenepo athira chimera. Akathira phala likali lotentha kwambiri, mphamvu ya chimera ifa, thobwa silitsekemera. Akathira litazizira, lichedwa ndipo lisasa. Chimera ndicho chisandutsa ufa kukhala wotsekemera, kotero kuti thobwa la mawere abwino silisowa shuga wa ku sitolo. M'mawa mwake aliwiritsanso, nalisiya kuti lizizire. Limwedwe tsiku lomwelo ndi lotsatira. Likagona masiku ambiri lisanduka chinthu china, chimene aphunzitsi achidziwa bwino chifukwa cha milandu imene iwapeza pa 26 Disembala.

M'malo mwa buledi wogula, chigumu chikwanira tiyi wa m'mawa pochokera ku Misa. Nthochi zakupsa kwambiri zinai kapena zisanu zikanyidwe ndi makapu awiri a mgaiwa, mchere pang'ono, soda wa pa nsonga ya supuni, dzira ngati liripo, ndi madzi kapena mkaka kufikira zitakhala ngati phala lolimba. Mphika upakidwe mafuta, ukhale pa makala ochepa, ndipo makala ambiri akhale pa chibvundikiro. Moto wa pansi ukachuluka chipserera kunsi m'kati muli muwisi. Mubaye ndi kamtengo. Kakatuluka kouma, chapsa.

Nkhuku ndi kagawidwe kake

Nkhuku ya chikuda ndiyo mfumu ya tsikuli, ndipo siifuna zambiri: moto wofatsa, mphika wadothi, anyezi, mchere ndi nthawi. Mafuta ake omwe aikazinga madzi akaphwa. Chimene ndifuna tilingalire ndi kagawidwe. Mwambo uti nthutumba ndi ya bambo kapena ya mlendo wolemekezeka, ndipo nkhuku yopanda nthutumba siiyesedwa yathunthu. Mwambo umenewo ukhale, ulibe choipa. Koma m'nyumba zambiri chidali ndi ntchafu zonse zipita m'mbale ya abambo, ana nalandira mutu, khosi, mapazi ndi msuzi. Kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 ali onse osafika zaka zisanu m'dziko muno, 37 anali opinimbira. Thupi la bambo linakula kale. La mwana wa zaka ziwiri liri kumangidwa tsopano lino, ndipo chimene liperewera pa msinkhu umenewo sichibwezeka mosabvuta. Tsiku limene tikumbukira Mulungu atakhala khanda, khanda la m'nyumba mwathu lisadye zotsala. Mwana wamng'ono akhale ndi kambale kake, nyama yake iduliridwe tizidutswa, pakuti m'mbale ya onse manja akuluakulu amposa liwiro. Mai woyembekezera ndi woyamwitsa, amene aphika ndi kudya pambuyo pa onse, apatulidwe gawo lake mphika usanachoke kukhichini. Inu abambo, nkhani imeneyi iri m'manja mwanu. Mai sangachepetse mbale yanu ngati inu simunanene.

Ndipo mwana amene mwaona kuti tsitsi lafiira, mapazi atupa, kapena sakwera pa sikelo, musadikire kuti zikondwerero zithe. Chipatala cha St Gabriel's, chimene masisitere a Karimeli ochokera ku Luxembourg anachiyamba pa Namitete mu 1959, chiri pafupi, ndipo zipatala zazing'ono ziripo m'madera onse.

Dzinja ndi nyengonso ya matenda a m'mimba. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Posamba m'manja madzi athiridwe kuchokera m'kapu, ndi sopo, osati onse kubviika m'beseni limodzi. Ndipo nyama yogona iwiritsidwenso kufikira itabwata isanadyedwe.

Amene sanakonze kanthu

M'mudzi uli wonse muli nyumba zimene utsi sudzafuka pa Krisimasi: agogo olera adzukulu amasiye, mai amene mwamuna wake anapita ku Johannesburg nakhala chete, wodwala wa nthawi yaitali. Miphakati, imene inakhazikika m'dayosizi yathu pa nthawi ya Ambuye Patrick Kalilombe ndi sinodi ya 1973 mpaka 1975, inapangidwira zinthu ngati zimenezi. Koma tichite mwanzeru. Mbale ya mpunga ndi nyama yotumizidwa pa tsikulo ikondweretsa mtima, ndipo itumizidwe ndithu. Chothandiza koposa ndi kapu ya ufa imene nyumba iri yonse ingapatule sabata ndi sabata kufikira Malichi, ndiponso m'mawa umodzi umene achinyamata a mphakati angapite kukapalira munda wa agogo aja. Kupatsa nkuika. Ndipo potumiza, atumidwe munthu wamkulu madzulo, osati gulu loimba masana, kuti wolandira asachite manyazi pamaso pa mudzi.

Kwa inu aphunzitsi

Muwerengere akristu phunziro lino Lamulungu lisanafike tsiku la phwando, ndipo mufunse mabanja kuti awerenge matumba ao. Koma nyuzi ino musaikulungire usipa. Muisunge, mudzaiwerengenso mu Meyi, chifukwa zambiri zimene tanena pano zikonzedwa pa masika. Pamenepo ndi pamene mai afutsa nkhwani ndi chitambe, kuti mvula ikadzachedwa mfutso udzatendere pa Krisimasi. Pamenepo ndi pamene lipatulidwa thumba la mtedza wa m'makoko losagulitsa, ndi lichero la mawere la chimera, chimene chiyenera kumeretsedwa ndi kuyanikidwa mu Okutobala dzuwa likali lamphamvu, pakuti mu Disembala sichiuma. Mpunga ukololedwa mu Meyi ndi Juni, ndipo mtengo wake utsika nthawi yomweyo imene mlimi wa kuno ali ndi ndalama ya fodya, soya ndi mtedza. Makilo awiri kapena atatu ogulidwa pamenepo ndi kutsekeredwa m'chitini chouma adzafika pa Krisimasi popanda kukhudza nkhokwe.

Nkhuku nayo ifuna kuikonzeratu. Chitopa chisesa makola m'miyezi yotentha mvula isanagwe, ndipo ndicho chifukwa nkhuku zisowa ndi kukwera mtengo mu Disembala. Katemera wake alipo, wa dontho limodzi m'diso la nkhuku iri yonse, ndipo abwerezedwa pakapita miyezi inai. Apatsidwa nkhuku zamoyo bwino, matenda asanalowe m'mudzi. Yodwala kale sachira naye. Mufunse alangizi a ziweto a m'dera lanu za tsiku limene adzafika, ndipo mulengeze m'tchalitchi kuti mabanja onse adzatsekere nkhuku zao m'khola m'mawa umenewo.